Obwera Pambuyo pa Njala

Chaka cha 1954 nyanja ya Chilwa inaphwa kwambiri. Pofika mwezi wa Okutobala madzi anali atathawira kutali, moti pamene kale pankaima mabwato panali matope ouma ong'ambikang'ambika, ndipo asodzi ankayenda mpaka dzuwa kukwera asanapeze madzi ofika m'mawondo. Dothi limene nyanja inasiya linali lakuda bii, lachonde. Aliyense wa kwa Malunguza, mudzi wa kugombe la kumadzulo, akaliyang'ana ankaona mpunga.

Kuphwa kwa nyanja kunabweretsanso anthu. Kutsidya, m'dziko la Apwitikizi, Alomwe ankathawa ulimi wa thonje wokakamiza ndi chibalo cha pamsewu. Kale ankadikira bwato, koma tsopano ankangodutsa wapansi m'mabango, mitolo pamutu, ana kumsana. Mabanja akale a m'mphepete mwa nyanja ankawatchula kuti Anguru, dzina lachipongwe, ndipo chaka chimenecho dzinali linkamveka pachitsime, pamsika wa nsomba, ngakhale pakhomo la tchalitchi.

Pearson Mukhova anali Mlomwe, koma sankakonda kukumbutsidwa. Anawoloka nyanja ali kumsana kwa amake zaka makumi anayi m'mbuyomo. Anaphunzira pasukulu ya mishoni, anali telala wa makina ake, mkulu wa mpingo, ndiponso mmodzi wa Alomwe awiri okha amene anali ndi mpando m'khonsolo ya dera. Chinyanja chake chinalibe chilema. Chilomwe ankalankhula ndi mkazi wake Edina yekha, ndiponso motsitsa mawu.

Kuseri kwa nyumba yake kunali kanyumba ka mng'ono wake Lyson, mwana wa amayi ake aang'ono. Lyson anafika mu 1951 zikhato zitatupa ngati mikate, atamenyedwa ndi thabwa lamabowo chifukwa chothawa m'munda wa thonje. Pearson anakamulandira yekha padoko la Kachulu, namudulira chigawo cha dimba lake la mpunga. Lyson ndi mkazi wake Alice anagwira ntchito ngati anthu osatopa, ndipo chaka chimene nyanja inaphwa anabereka mwana wamkazi, Enelesi.

Munthu amene ankatsogolera kudana ndi obwerawo anali Makisoni Gwaza, mlimi wamkulu wa mpunga, wa banja limene linali pagombepo kuyambira makolo. Sanali munthu wolankhula zopanda pake. Adzukulu ake anayi anali atakwatira koma opanda minda, ndipo obwera ena, posadziwa malo, anadula mitengo ya kumanda kumene kunagona amake n'kumangira nyumba. Kuyambira tsiku limenelo Makisoni sankayankha moni wa Mlomwe aliyense, kupatula Pearson, amene ankamusokera malaya.

Kumapeto kwa Okutobala kunabwera kalata yochokera ku boma. Inkafunsa maganizo a khonsolo pa nkhani ya anthu olowa m'dziko kuchokera kwa Apwitikizi. Tsiku la msonkhano anthu anadzaza bwalo la khoti mpaka ena kukwera pa chulu. Mfumu ya dera inali yokalamba, yodwala chifuwa, ndipo itatsegula msonkhano inangokhala pampando n'kumatsokomola, nkhani n'kusiyira makhansala.

Kalaliki atatha kuwerenga kalatayo, Makisoni anaimirira.

"Makolo anati mlendo ndi mame," anatero. "Ine ndikufunsa: mame ake ati amene dzuwa lafika paliwombo iwo akadali mbwee pa udzu? Tinawapatsa pogona, atenga munda. Tinawapatsa munda, aitana abale awo. Lero akudula mitengo pamutu pa amayi anga. Boma likutikakamiza kulima mizere, likuti nthaka yatopa. Yatopa ndi ndani? Abwerere onse kwawo!"

Khamu linawomba m'manja. Mayi wina anakuwa ali kumbuyo kuti, "Odya njoka apite!" ndipo anthu anaseka. Wina anafuula kuti, "Onse! Ngakhale ovala jekete!" Maso ambiri anatembenukira kwa Pearson, amene anali yekhayo wovala jekete pabenchi ya makhansala.

Pearson anaganiza za makina ake, za dimba lake, za ana ake amene anali pasukulu. Anaimirira pang'onopang'ono, nachotsa chipewa.

"A mfumu, ndi inu nonse eni dziko," anayamba. "Mawu a bambo Gwaza ndi oona, koma tisawotche nkhokwe chifukwa cha khoswe. Alipo Alomwe amene tinakulira pano. Tinabatizidwa pano, akufa athu agona pano, njala ya 1949 tinaivutikira limodzi, tinakumbira limodzi mizu. Ife ndi inu ndife amodzi. Amene atisokoneza ndi awa abwera dzulo, osadziwa manda, osadziwa mwambo. Ine ndikuti tiike malire. Amene njala inamupeza pano, ndi wathu. Amene wabwera pambuyo pa njala, abwerere."

Panamveka phokoso lovomereza. Makisoni anamuyang'ana nthawi yaitali, nagwedeza mutu movomereza. Kalaliki analemba mawuwo monga momwe anatulukira, ndipo khonsolo inawatumiza ku boma ngati maganizo a anthu onse a m'deralo.

Pearson atafika kunyumba anapeza nkhani itafika kale. Edina ankapeta mpunga pabwalo ndipo sanadzutse mutu.

"Bambo a Ruth, Lyson anabwera chaka chanji?" anafunsa.

"Usandiyese mwana. Ndikudziwa chimene ndikuchita."

"Ndangofunsa chaka."

"Makalata a boma amakagona m'kabati," Pearson anatero akuvula jekete. "Ndikanakhala chete akanatithamangitsa tonse, iwe ndi ine ndi ana. Ndapulumutsa ambiri. Za Lyson zisiye m'manja mwanga, ali pakhomo panga, palibe angamukhudze."

Edina anapitiriza kupeta. Kuyambira sabata imeneyo Lyson analeka kudzakhala pakhonde la makina madzulo monga ankachitira.

Mvula inagwa bwino, nyanja inayamba kubwerera, ndipo mpunga unamera pa dothi latsopano ngati udzu. Pearson anayamba kukhulupirira kuti kalata ija yagonadi m'kabati. Koma m'mwezi wa Marichi, mpunga utayamba kutulutsa ngala, mesenjala wa boma anafika pa njinga ndi yankho.

Boma linkayamikira khonsolo chifukwa cha nzeru zake, ndipo linavomera malire a chaka cha njala. Koma linawonjezera zake. Azungu a minda ya fodya ndi tiyi anali atadandaula kuti akapirikitsa Alomwe onse iwo asowa antchito. Choncho lamulo linati: aliyense wobwera pambuyo pa 1949 alembedwe, ndipo pasanathe masiku makumi atatu asankhe chimodzi, kukakhala pa esiteti ya mzungu n'kumagwira thangata, kapena kubwerera kutsidya. Minda yawo ibwerere kwa mfumu. Kalembera achitidwe ndi makhansala awiri, mmodzi wodziwa malo, wina wodziwa Chilomwe ndi kulemba.

Wodziwa malo anali Makisoni. Wodziwa Chilomwe ndi kulemba panalibenso wina koma Pearson.

"Ndili ndi ntchito yambiri ya mayunifolomu a sukulu," Pearson anayesa kuzemba.

"Mawu anali anu, a Mukhova," Makisoni anayankha pamaso pa onse. "Walira mvula walira matope. Kapena munkanena ndi pakamwa pokha, mtima uli kutsidya?"

Anayamba Lolemba m'mawa, mesenjala akuwatsata pambuyo. Pearson ananyamula buku ndi pensulo, Makisoni ndodo. Anayambira kumpoto kwa mudzi, kumene obwera anamanga timisasa tawo motsatana m'mphepete mwa dambo, nalowa khomo ndi khomo. Funso lalikulu linali limodzi: munabwera liti?

Anthu ankanama, ndipo Pearson ankafuna kuti azinama. Koma Makisoni ankadziwa mtengo uliwonse wa m'deralo. Munthu akati anabwera nkhondo ya Hitila isanathe, Makisoni ankaloza papaya wa pabwalo n'kufunsa kuti, "Nanga bwanji mtengo wako wamkulu ndi uwu? Mango ako ali kuti?" Wina akati njala inamupeza pano, ankamufunsa dzina la munthu amene ankagawa chimanga cha boma chaka chimenecho. Akalephera, Makisoni ankagogoda buku ndi ndodo. "Lembani."

Pearson ankalemba. Amuna ankangomuyang'ana. Akazi ndiwo sanamusungire ulemu. Pakhomo lina mayi wina anamuthira madzi otsukira nsomba m'miyendo, namutukwana m'Chilomwe kuti mimba imene inamubereka inali ya fisi. Makisoni anafunsa kuti mayiyo wati chiyani.

"Akuti tiyende bwino," Pearson anatero.

Makisoni anaseka kwambiri, koyamba pa ulendo wonsewo. "Anthu a kwanu ali ndi ulemu," anatero.

Mawu akuti "a kwanu" anamubaya Pearson kuposa madzi a nsomba aja. Masiku anayi anayenda ndi munthu ameneyu, akumwa naye thobwa m'chikho chimodzi, koma kwa Makisoni iye anali akadali wa kutsidya. Ndipo Lachitatu, atapita kumapemphero a masana, anapeza Alomwe akale, anthu amene ankati wawapulumutsa, atasiya benchi yonse yopanda munthu pamene iye anakhala.

Lachisanu m'mawa mayina anali makumi asanu ndi limodzi kudza atatu. Pearson anatseka buku nati ntchito yatha.

"Yatsala nyumba imodzi," Makisoni anatero.

"Iti?"

"Musandichititse manyazi pamaso pa mesenjala wa boma. Kuseri kwanu."

"Uja ndi mwana wa m'nyumba mwanga. Dimba akulimalo ndi langa, sanatenge la munthu."

"Kalata yati aliyense. Kapena kalaliki awerengenso? Mukamusiya wanuyo, ine ndikauza onse makumi asanu ndi limodzi aja kuti lamulo lili ndi chitseko cha kuseri, ndipo chitsekocho chili kwa a Mukhova."

Anawapeza Lyson ndi Alice kudimba akuingitsa mbalame. Mpunga wawo unali wokongola kuposa wa aliyense m'dambomo, ngala zitayamba kuwerama. Alice anali ndi Enelesi kumsana. Lyson atawaona anatuluka m'madzi, napukuta manja pa kabudula, naima.

Pearson anamulankhula m'Chilomwe, mofulumira, maso ali pa buku. Anamuuza kuti anene kuti anabwera 1948, kuti poyamba ankakhala kwa asodzi pachilumba cha Chisi, n'chifukwa chake anthu a kumtunda sankamuona. Iye akachitira umboni.

Lyson anayankha m'Chinyanja, mokweza, kuti Makisoni ndi mesenjala amve.

"Achimwene, mukundiphunzitsa bodza? Inu mkulu wa mpingo? Ndinabwera 1951, mwezi wokolola. Munadzandilandira nokha pa Kachulu, munalira mutaona manja anga. Lembani zimenezo."

"Lyson, ganiza za mwana."

"Inu munamuganizira pamene munkaimirira pabwalo paja? Anzanga amene ndinawoloka nawo mwawalemba onse. Ine nditsale pano ndizidya mpunga, iwo akundiyang'ana ali m'bwato? Lembani, achimwene. Dzanja lanu ndi labwino."

Alice anafunsa kuti nanga mwanayu, poti anabadwira konkuno? Mesenjala anavundukula kalata, naitembenuza, nati za ana simunalembedwe kanthu.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," Makisoni anatero. "Apite ndi amake."

Pearson analemba. Pensulo inathyoka pa chilembo chachiwiri, ndipo anaima pamenepo akuisongola ndi mpeni wa Makisoni, onse akumuyang'ana.

Masiku otsatira anayesa njira ina. Anapita kwa kapitawo wa esiteti ina ya fodya cha ku Songani, napeza malo a Lyson. Anabwerera wokondwa, nalowa m'kanyumba kaja kwa nthawi yoyamba pa miyezi isanu.

"Ndi pafupi," anatero. "Uzibwera Lamlungu. Mpunga ndikukololera ine, thumba lililonse ndikusungira. Zaka ziwiri zitatu anthu aiwala, ubwerera."

Lyson ankamanga makasu awiri ndi luzi. "Ndinathawa kulimira mzungu wa uko kuti ndidzalimire mzungu wa kuno?" anafunsa. "Thangata ndi chibalo ndi ana a mayi mmodzi. Uko kuli manda a amayi anga, ndikafera pafupi nawo."

"Akakugwira, Lyson."

"Sindipita kumudzi kwathu. Ndikalowera kumapiri, kuli amalume a Alice. Palibe akandidziwe."

Mwa mayina makumi asanu ndi limodzi kudza anayi aja, mabanja ambiri anapita ku maesiteti. Ena anazemba n'kukabisala m'mabango mkati mwa nyanja. Mabanja khumi ndi anayi anasankha kubwerera. Ananyamuka pa Kachulu m'mawa wina wa mu Epulo m'mabwato asanu ndi limodzi, mamesenjala awiri akuwaperekeza. Anthu a m'midzi anabwera kudzaonerera. Ena ankaimba nyimbo yachipongwe yonena za njoka, anyamata a Makisoni akuwomba m'manja, koma mabwato atayamba kuyenda nyimboyo inazilala yokha. Edina analowa m'madzi mpaka m'chiuno akupatsira Alice mtolo wa ufa. Pearson anaima kumtunda pafupi ndi mulu wa maukonde. Lyson sanacheuke.

Mpunga utacha, Pearson anatenga zikwakwa ndi ana ake kupita kudimba la Lyson. Anapeza adzukulu awiri a Makisoni atayamba kale kumweta.

"Dimba ili ndi langa!" anakuwa. "Ndinangomubwereka!"

Makisoni anali atakhala pa mtumbira, akusuta. "Kalata inati minda ya obwera ibwerere kwa mfumu. Mfumu yapatsa ana awa. Munalemba nokha m'buku kuti Lyson ali ndi dimba limodzi la mpunga."

"Dimbali ndinapatsidwa ine zaka makumi awiri zapitazo!"

"Munapatsidwa ndi ndani? Ndi amalume anga. Mukuona, a Mukhova, inunso munachita kupatsidwa. Musamakweze mawu m'dambo la eni ake."

Pearson anakasuma kukhoti, koma mlandu unkangoimitsidwa chifukwa mfumu inali chigonere. Mpunga unapunthidwa, unalowa m'nkhokwe za kwa Gwaza.

M'mwezi wa Ogasiti kunabwera kalata yachitatu, yaifupi. Inati boma laona kuti kulondera malire a m'nyanja n'kovuta, kuti madera ena sanagwirizane ndi malire a chaka cha njala, ndipo nkhani yonse ikuganiziridwanso. Kalembera aimitsidwe, asapirikitsidwenso munthu. Za amene anapita kale kalatayo sinanene kanthu. Anthu obisala m'mabango anatuluka, namanganso misasa yawo pamalo pomwe paja. Makisoni anakalipa m'khonsolo kuti boma ndi la amuna opanda msana, ndipo ambiri anavomereza, koma nkhani imene inali pakamwa pa anthu tsopano inali ya chitaganya chophatikiza maiko atatu ndi ya alangizi a mizere amene ankazula mbewu za anthu.

Pearson anatuma uthenga kutsidya kudzera mwa asodzi a ku Chisi kuti Lyson abwerere, njira yatseguka. Yankho silinabwere.

Alice anafika mu Novembala, masana dzuwa likuswa mtengo, Enelesi ali kumsana. Anali ataonda mpaka Edina sanamuzindikire msanga. Pearson anali pamakina pakhonde. Anaimirira, nsalu n'kugwa pansi.

"Mlamu! Lyson ali kuti?"

Alice anakhala pansi pabwalo, namasula mwana, namupatsa Edina. Anamwa madzi chikho chonse. Kenako analankhula, osayang'ana Pearson, ngati akuuza nthaka.

Anati atafika kutsidya sanawalole kumwazikana. Mamesenjala aja anali ndi lamulo lowapereka kwa mkulu wa Apwitikizi wa pamalirepo, kuti boma la kuno likhale ndi umboni woti anthu afikadi. Anaperekanso pepala la mayina. Asilikali a kumeneko anawaika pamzere padzuwa, mmodzi n'kumawerenga. Pepalalo linali ndi zonse: dzina la munthu, mudzi umene anachokera, chaka chimene anathawa. Amuna onse amene anathawa thonje kapena msewu anawapatula, nawamenya m'manja pamaso pa akazi awo, nawakweza lole. Ena amati anapita nawo kumunda wa mizimbe kufupi ndi nyanja yamchere, ena amati anawakweza sitima. Alice anadikira miyezi isanu ndi umodzi kwa amalume ake. Palibe mmodzi anabwerera.

"Ine sindidziwa kuwerenga," anatero. "Koma mayina ankabwera monga nyumba zinakhalira kudambo kuja. Anayamba ndi a kumpoto, khomo ndi khomo. Lomaliza linali la bambo a Enelesi. Pamenepo ndinadziwa kuti pepalalo ndi la ndani."

"Sindinadziwe kuti akalipereka," Pearson anatero. "Mlamu, Mulungu ndi mboni, anati ndi la ku boma basi."

Alice anatembenukira kwa Edina. "Achemwali, auzeni amuna anu kuti sindinabwerere iwo. Mwanayu anabadwira pano, ndipo uko kulibe chakudya. Ndikapeza pokhala ndichoka."

"Sukupita kulikonse," Edina anatero. Ananyamula mtolo wa Alice nakaulowetsa m'kanyumba ka Lyson, osafunsa mwamuna wake.

M'mawa mwake Pearson anavala jekete, napalasa njinga mpaka ku Zomba. Anadikira pabenchi ya panja pa ofesi ya boma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mzungu wamkulu wa paofesipo sanamuone. Anamulandira kalaliki wachinyamata wa tayi, amene anamvetsera nkhani yonse akusewera ndi cholembera.

"Fayilo imeneyo inatsekedwa, bambo," anatero. "Anthu amenewo ndi a boma lina. Ife sitingafunse boma lina za anthu ake."

"Koma munawapereka ndinu!"

"Tinachita zimene khonsolo yanu inapempha." Kalalikiyo anatsegula kabati, natulutsa pepala, naliwerenga pang'ono. "Pano palembedwa kuti maganizowa anapereka ndi khansala P. Mukhova. Mukumudziwa? Mukafunse ameneyo."

Pearson anatenga chipewa chake natuluka. Njinga anaikankha wapansi mpaka kutsika phiri lonse.

Lamlungu la Mgonero linafika kumayambiriro kwa Disembala. Pearson, monga mkulu wa mpingo, ankayenda ndi mbale ya mkate kumbali ya amayi. Alice anakhala kumapeto kwa mzere wachitatu. Mbale itafika pa iye, anapinda manja pachifuwa nayang'ana kutsogolo. Pearson anaima, mbale ili m'manja. Mayi woyandikana naye, mmodzi wa aja anatuluka m'mabango, anapindanso manja. Mzere wonse unachita chimodzimodzi, ndi wotsatira. Nyimbo inatha. Mkulu wina, Jafeti, wa banja la eni dziko, anabwera mwakachetechete nalandira mbaleyo m'manja mwa Pearson. Atayambiranso pa Alice, mayiyo anatambasula dzanja natenga mkate.

Pearson anatula pansi ukulu wa mpingo mwezi womwewo, ndipo chaka chotsatira anasiyanso khonsolo. Mpando wake anapatsidwa mdzukulu wa Makisoni. Pearson analemba makalata asanu ndi awiri, ku mishoni za kutsidya ndi kwa anthu a ku Chisi amene ankachita malonda a nsomba kumeneko, kufunsa za Lyson. Imodzi yokha inayankhidwa, ndi wansembe wina amene anati dzinalo sakulidziwa.

Alice anakhala pakhomopo zaka ziwiri. Ankalima ndi Edina, ankadya ndi Edina, ndipo chilichonse chofuna kuuza mwini nyumba chinkadzera mwa Edina, ngakhale onse atatu atakhala pabwalo limodzi. Pearson anasokera Enelesi kadiresi ka maluwa pa Khirisimasi, koma kanabwezedwa pamakina katapindidwa bwinobwino. Mu 1957 Alice anakwatiwa ndi msodzi wa ku Chisi, wamasiye wa ana atatu, ndipo anasamukira pachilumba ndi mwana wake. Edina ankapita kukawaona kawiri pachaka, n'kumagona komweko masiku atatu kapena anayi. Akabwerako ankamuuza Pearson za mtengo wa matemba ndi za mphepo ya panyanja, ndipo iye akafunsa kuti mwana wakula bwanji, Edina ankangoyankha kuti wakula.